Masiku atatu ku Aix-en-Provence: tiyambire kasupe uti?

Nachisale:
Moni nonse pa gulu. Tili anthu anayi, mmodzi mwa ife ndi mayi wachikulire amene sayenda mtunda wautali. Tikufuna kukakhala masiku atatu ku Aix-en-Provence, kumwera kwa France, tauni ija yotchuka ndi akasupe. Tinyamukira ku London. Odziwa kumeneko tithandizeni: tikafika bwanji, tiyambire kasupe uti, nyengo yabwino ndi iti, ndipo alendo amalakwitsa chiyani kawirikawiri?

Bambo Mbewe:
Tiyambe ndi tikiti aNachisale, chifukwa ndalama zimatayikira pamenepo munthu asanaone n'komwe dontho la madzi. Matauni a dzina la Aix alipo angapo. Aix-les-Bains ili ku Savoie, kufupi ndi mapiri a Alps, ndipo Aix-la-Chapelle ndi mmene Afalansa amatchulira Aachen ya ku Germany. Pogula tikiti pa SNCF Connect, tsamba logulirapo matikiti a sitima za ku France, lembani dzina lonse, musalole foni ikumalizireni.

Chachiwiri, masiteshoni alipo awiri. Aix-en-Provence TGV, ya sitima zothamanga kwambiri zotchedwa TGV, imene inatsegulidwa mu 2001, ili kutchire, makilomita oposa 15 kuchokera m'tauni. Mukatsika pamenepo simunafike. Pali basi yopita kudepoti ya m'tauni, ulendo wa mphindi 20 kapena 30 malinga ndi kuchuluka kwa magalimoto, ndipo basi zomwezo zimalumikizanso bwalo la ndege la Marseille Provence. Siteshoni inayo, ya m'kati mwa tauni, imalandira sitima zing'onozing'ono za TER zochokera ku Marseille Saint-Charles, osati TGV.

Kuchokera ku London: sitima ya Eurostar mpaka siteshoni ya Paris Gare du Nord, kenako sitima ya mumzinda ya RER D masiteshoni awiri mpaka Gare de Lyon, kenako TGV maola atatu. Siyani ola limodzi ndi theka pakati pa sitima ziwirizi, makamaka pokhala muli ndi mayi. Zitseko za TGV zimatsekedwa mphindi ziwiri nthawi isanakwane, ndipo chikwama chilichonse chikhale ndi kapepala ka dzina. Koma kwa masiku atatu okha, ndege yolunjika ku Marseille ndi imene ikusungireni tsiku.

Chikondi wa ku Joni:
Ndiwonjezepo za mapepala. Chilolezo chokhala ku UK si viza ya ku France. Ngati pasipoti ndi ya Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique kapena South Africa, viza ya Schengen, gulu la maiko a ku Ulaya limene muli France, ikufunika. Mumayambira pa tsamba la France-Visas, limene limakuuzani kokapereka mapepala malinga ndi dziko limene mukukhala. Mtengo wa munthu wamkulu unakwera kufika ma euro 90 mu June 2024, kupatula ya kampani yolandira mapepala. Inshuwalansi ya zachipatala ikhale ya ma euro 30,000 kapena kuposa, yogwira ntchito m'maiko onse a Schengen. Pasipoti ikhale ndi masamba awiri opanda kanthu, ndipo isathe mphamvu pasanathe miyezi itatu kuchokera tsiku lotuluka. Mukhoza kupempha kutatsala miyezi 6, ndipo vuto lenileni ndi kupeza tsiku lokaonekera, lomwe limasowa kwambiri kuyambira May. Ngati mukagona kwa m'bale osati kuhotela, m'baleyo akatenge attestation d'accueil ku ofesi ya meya wa tauni yake. Kalata wamba yoitanira siilowa m'malo mwa chikalata chimenechi.

aGama:
Zamayendedwe zamveka. Ine ndikambe za madzi, chifukwa munthu akapanda kuwamvetsa amangoona miyala yolavula madzi, kujambula zithunzi zitatu n'kutopa.

Tauniyi inayambira pa kasupe wotentha. Mkulu wa asilikali a Chiroma, Gaius Sextius Calvinus, atagonjetsa a mtundu wa Salyens amene linga lawo linali pa Entremont, kumpoto kwa tauni ya lero, anamanga msasa cha m'ma 122 Yesu asanabadwe pamalo pamene madzi ofunda amatumphuka pansi. Anautcha Aquae Sextiae. Koma akasupe achilengedwe amenewo sanali okwanira tauni yokula, ndiye Aroma anakoka madzi ena pa ngalande zamiyala, yaitali kwambiri ndi ya Traconnade yochokera cha ku Jouques. Ngalandezi zitawonongeka, Aix inakhala zaka mazanamazana ikulimbana ndi kuchepa kwa madzi m'chilimwe.

N'chifukwa chake akasupe a ku Aix ali m'magulu awiri, ndipo maso anu azisiyanitsa. Ang'onoang'ono a m'tinjira ta m'tauni yakale anali mipopi ya anthu. Yang'anani pansi pa kampopi: nthawi zambiri mupeza zitsulo ziwiri zopingasa pamwamba pa beseni, pamene ankakhazikapo mtsuko kuti udzaze. Kampopiko kamatuluka pakamwa pa nkhope yosema, madzi ake ochepa koma osaduka. Gulu lachiwiri ndi la akasupe odzionetsera, ndipo wamkulu wawo sakanatheka madzi a mapaipi asanabwere. Injiniya François Zola, bambo ake a Émile Zola wolemba mabuku uja, ndi amene anakonza damu m'zigwa za kum'mawa kwa tauni. Iye anamwalira mu 1847, damu linatha mu 1854, ndipo patangopita zaka 6 tauni inamanga La Rotonde. Pambuyo pake kunabwera ngalande ya Verdon m'ma 1870, kenako damu la Bimont limene linatha kumayambiriro kwa ma 1950.

Ndiye akamanena kuti tauni ya akasupe 1,000, musapite ndi kabuku kowerengera. Ndi kunyadira chabe. Amene mungawaone bwino m'masiku atatu ndi 12 kapena 15.

Mayi Nabanda:
Zikomo aGama. Njira yoyendamo nayi, yoganizira mayi aja.

Yambirani pa La Rotonde 8 koloko m'mawa isanakwane. Ndi wa mu 1860, beseni lake mamita 32 m'mimba mwake, kutalika mamita 12. Pansi pali mikango ndi ana okwera mbalame za m'madzi, pamwamba pali ziboliboli zitatu za amayi: wa Chilungamo wayang'ana ku Cours Mirabeau, wa Ulimi wayang'ana ku Marseille, wa Zaluso wayang'ana ku Avignon. Ofesi ya alendo ili chapafupi pomwepo, tengani mapu aulere a pepala chifukwa foni imasokonezeka m'tinjira topapatiza.

Kuchoka apo lowani mu Cours Mirabeau. Msewu umenewu unalambulidwa cha m'ma 1650 pamene panali linga lakale, kuti olemera aziyendamo pa ngolo za akavalo. Ndi mamita 440 m'litali, ngati mabwalo anayi a mpira oikidwa mondondozana, ndi mamita 42 m'lifupi. Ndi wosalala, mayi ayenda bwinobwino. M'kati mwake muli akasupe atatu otsatizana.

Woyamba ndi Neuf-Canons wa mu 1691, wa Laurent Vallon. Onani kufupika kwa khoma la beseni lake. Anachita dala, chifukwa nkhosa zochokera ku Arles popita kukadya kumapiri m'chilimwe zinali ndi ufulu womwa pamenepo.

Wachiwiri ndi Fontaine Moussue, chimwala chobiriwira ndi ndere. AGama afotokoza bwino kuposa ine.

Wachitatu, kumapeto, ndi wa Mfumu René, amene anamwalirira mu Aix mu 1480. Chiboliboli chake anasema David d'Angers, ndipo chinaimikidwa mu 1823. M'dzanja wagwira phava la mphesa za muscat, zimene anthu akumeneko amati ndi iye anazibweretsa ku Provence.

Mukamayenda kuchokera ku Rotonde, dzanja lamanzere kuli malo omwera khofi ndi odyera, ndipo ndiko kumawomba dzuwa. Dzanja lamanja kuli nyumba zakale za akuluakulu, zambiri tsopano ndi mabanki ndi maofesi. Imani pa nambala 38, Hôtel Maurel de Pontevès, muone amuna awiri amiyala osenza khonde. Pa nambala 55 mpamene bambo ake a Paul Cézanne, katswiri wojambula zithunzi, ankagulitsira zipewa.

aGama:
Za Moussue. Anamangidwa mu 1667, ndipo madzi ake amachokera ku kasupe wofunda wa Bagniers. Amatuluka ali pa madigiri 18 chaka chonse. Musayembekezere kupsa chala: mu July muwamva ozizirira, koma m'mawa wa January, kunja kuli pafupi ndi 0, mwalawo umafuka nthunzi.

Chimene chinachitika ndi ichi. Madzi amene ayenda pansi m'miyala ya laimu amasungunula laimuyo chifukwa ali ndi mpweya wa carbon dioxide. Akatulukira kunja mpweya uja umathawa, madzi amalephera kusunga laimu yense, ndipo amamusiya pamwala. Ndere zimamera pamenepo chifukwa mpofunda ndi ponyowa nthawi zonse, laimu amakuta nderezo, zina zimamera pamwamba pake, chaka ndi chaka. Zokongoletsa zoyambirira sizioneka n'komwe tsopano. Neuf-Canons nayenso akukutidwa chimodzimodzi.

Laimu yemweyo ndi amene amatseka timipopi, ndiye mukapeza kasupe wouma si kuti wafa. Mwina akumutsuka, mwina ndi chilala. Chilala chikakula, monga mu 2022, boma la chigawo limalamula kuti akasupe otaya madzi atsekedwe, ndipo amatsala ndi aja ozunguza madzi omwewo ndi pampu. Apa ndiye pali chenjezo: madzi ozungulira ndi pampu sakumwa. Mukaona mawu akuti eau non potable, musatunge. Tungani pokhapokha palembedwa eau potable. Ndipo musaponyemo ndalama kapena kusambitsamo mapazi m'beseni.

Tembo wa ku Chipata:
Pepani Mayi Nabanda, pa dongosolo lanu ndikutsutsaniko pang'ono. Cours Mirabeau ndi malo amene aliyense amafikako ngakhale atapanda kufuna. Maola abwino a m'mawa ndi bwino kuwapereka ku tauni yakale, chifukwa msika wa pa Place Richelme umakhalapo m'mawa wokha, ikamakwana 1 koloko masana akupakira, bwalo lasanduka la mipando ya omwa khofi. Cours mukhoza kuyendamo madzulo dzuwa litapendeka. Komanso Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka ndi masiku a msika waukulu, ndipo ogulitsa zovala amadzaza Cours m'mawa, moti akasupe aja mumawaona pakati pa matebulo.

Mayi Nabanda:
Pa masiku a msika mwanena zoona aTembo, pamenepo atembenuze dongosolo. Koma masiku ena ndikuumirirabe. Tauni yakale ndi yokwera pang'onopang'ono kuchokera pa Cours kupita kutchalitchi chachikulu, ndipo miyala ya pansi si yofanana. Munthu wachikulire ayambe ndi posalala, apume, kenako akwere. Kulinso timagalimoto ta magetsi totchedwa Diablines toyenda m'tinjira ta m'kati. Mumangokweza dzanja paliponse pa njira yake, timaima. Timanyamula anthu ochepa, ndiye mayi ndi mmodzi akwere, enawo ayende.

Mphunzitsi Kalua:
Ndipitirize pamene asiyira Mayi Nabanda, chifukwa akasupe okoma kwambiri sali pa Cours.

Kumwera kwa Cours kuli Quartier Mazarin. Bishopu wamkulu Michel Mazarin, mchimwene wake wa Kadinala Mazarin, ndi amene analambula dera limeneli mu 1646, misewu yake yowongoka yodutsana. Tsikani ndi Rue du 4 Septembre mufike pa Quatre-Dauphins wa mu 1667, wosema Jean-Claude Rambot: ma dolphin anayi michira m'mwamba, atazungulira chipilala chosongoka. Kwa ine ameneyu ndiye kasupe wabwino kuposa onse mu Aix, Rotonde ndi wamkulu chabe. Kuchoka apo Rue Cardinale ikufikitsani ku tchalitchi cha Saint-Jean-de-Malte cha m'zaka za m'ma 1200, ndi myuziyamu ya zojambula ya Musée Granet pambali pake.

Kumpoto kwa Cours, yambani ndi Place d'Albertas. Banja la Albertas linamanga kabwalo kameneka cha m'ma 1740 moyang'anizana ndi nyumba yawo, kuti akasuzumira pazenera aziona zokongola. Kasupe wachitsulo amene ali pakati si wa nthawi imeneyo, anapangidwa mu 1912 ndi ophunzira a sukulu ya Arts et Métiers ya mu Aix momwemo. Miyala ya pansi pa bwaloli ndi yobulungira, mayi agwiridwe dzanja.

Kwerani ndi Rue Aude ndi Rue Maréchal Foch mpaka Place Richelme, kenako Place de l'Hôtel de Ville. Apa khalani nthawi. Kasupe wake ndi wa m'ma 1750, ntchito ya Jean-Pancrace Chastel, ndipo chipilala chimene chili pakati ndi cha Aroma enieni, anangochigwiritsanso ntchito. Tembenukani muyang'ane pamwamba pa nyumba yakale yogulitsiramo tirigu, Halle aux Grains. Chastel yemweyo anasemapo mitsinje iwiri ngati anthu, Rhône mwamuna, Durance mkazi, ndipo phazi la mkaziyo latuluka kunja kwa malire a chosemacho, kusonyeza mtsinje wokonda kusefukira. Anthu ambiri amadutsa pansi pake osakweza maso. Nsanja ya wotchi pambalipo ndi ya mu 1510, ndipo mu 1661 anawonjezerapo wotchi ya zakuthambo. Ili ndi tiziboliboli tinayi tamatabwa toimira nyengo zinayi za chaka, kamodzi kokha n'kamene kamaonekera pa nthawi yake.

Dutsani pansi pa nsanjayo, Rue Gaston de Saporta ikufikitsani ku tchalitchi chachikulu cha Saint-Sauveur. Musanalowe, pa bwalo la nyumba ya bishopu pali kasupe wa Espéluque wokhomedwa kukhoma, mmodzi mwa akale kwambiri m'tauni. M'tchalitchimo, dzanja lamanja, muli malo obatiziramo a cha m'ma 500, dziwe la mbali 8 lozunguliridwa ndi zipilala 8 zimene zinatengedwa ku nyumba za Aroma. Ankabatiza momiza. Ngati mukutsata nkhani ya madzi a Aix, malo amenewa musawalumphe.

Pobwerera tsikirani kum'mawa, pa Place des Prêcheurs pali chipilala china cha Chastel cha mu 1758, chiwombankhanga pamwamba. Ndipo pa Place des Chapeliers pali kasupe wa Bagniers wokhala ndi nkhope ya Cézanne yamkuwa, imene anajambula katswiri mnzake Renoir.

Nachisale:
Zikomo kwambiri aphunzitsi. Nanga chithunzi chija chotchuka cha m'tchalitchi, chitsamba choyaka moto, chimaoneka nthawi zonse? Ndipo nyumba ya Cézanne munthu amangofika?

Mphunzitsi Kalua:
Ayi pa zonse ziwiri. Chithunzicho anajambula Nicolas Froment cha m'ma 1476 atatumidwa ndi Mfumu René, ndipo mfumuyo ndi mkazi wake Jeanne de Laval ajambulidwa atagwada m'mbali. Chili ndi zitseko ziwiri zimene zimatsekedwa miyezi ina pofuna kuteteza utoto, ndiye funsani ku ofesi ya alendo ngati chili chotsegula. Zitseko zazikulu za tchalitchi, zosemedwa kumayambiriro kwa ma 1500, nazonso zimakhala zophimbidwa ndi matabwa. Khonde lamkati la m'zaka za m'ma 1100 mumalowa ndi wokutsogolerani, pa nthawi zoikika. Ndi tchalitchi chopemphereramo, nthawi ya Misa si yoyendayenda ndi kamera.

Za Cézanne. Anabadwira mu Aix mu 1839, anamwalira momwemo mu 1906. Pansi m'misewu muona timisomali tamkuwa tolembedwa C, tikutsogolerani m'malo a moyo wake. Nyumba imene ankajambuliramo kuyambira 1902, Atelier des Lauves, ili pa Avenue Paul Cézanne, mphindi 15 kapena 20 wapansi kuchokera kutchalitchi, chitunda chokhachokha. Mayi akwere basi kapena takisi. Ndi chipinda chimodzi, amalowetsa anthu ochepa pa nthawi, choncho tikiti gulani pa intaneti masiku angapo zisanachitike. Dziwaninso chimene mukukaona: mulibe zithunzi zake zazikulu. Muli zenera lalikulu loyang'ana kumpoto, makwerero, majasi ake, mitsuko, mabotolo ndi zigaza zimene zimaoneka m'zithunzi zake. Wofuna zithunzi apite ku Musée Granet, ngakhale nakonso n'zochepa. Tauni yake inamukana ali moyo, woyang'anira myuziyamu wa nthawiyo, Henri Pontier, sankafuna n'komwe ntchito zake, ndipo zithunzi 8 zinabwera mu 1984 pobwerekedwa ndi boma. Granet amatseka Lolemba.

Mukafika ku Atelier, pitirizani kukwera mphindi zina 15 mpaka Terrain des Peintres. Mpaulere, ndipo phiri la Sainte-Victoire mumaliona kuchokera pamene iye ankaimika thabwa lake. Pitani madzulo, dzuwa likakhala kumbuyo kwanu. M'mawa limakuwombani m'maso ndipo phiri limangooneka mthunzi.

Bambo Mbewe:
Za nyengo sizinayankhidwe. May, kumayambiriro kwa June, ndi September mpaka pakati pa October. July ndi August kumatentha kuposa madigiri 30, nthawi zina 35, ndipo July ndi mwezi wa chikondwerero cha nyimbo za opera chimene chinayamba mu 1948, mahotela amadula ndi kudzaza. Ndi miyezi yomweyonso imene mungapeze akasupe ena atatsekedwa chifukwa cha chilala. Pobwereka chipinda m'chilimwe onetsetsani mawu akuti climatisation, nyumba zakale zambiri zilibe makina oziziritsa. Onaninso ascenseur: nyumba za m'tauni yakale zambiri zilibe chikepe, ndipo Afalansa akati nsanjika yachitatu ndiye kuti masitepe atatu athunthu kuchokera pansi. Ndi mayi wachikulire chimenechi ndi chachikulu kuposa mtengo.

M'nyengo yawo yozizira kukongola kulipo, Moussue akufuka, alendo ochepa, koma mphepo ya mistral yochokera kumpoto imalowa mpaka m'mafupa ngakhale kumwamba kuli mbee. Ikawomba, madzi a Rotonde amauluzikira anthu odutsa.

Tembo wa ku Chipata:
Mukaona mitengo ing'onoing'ono pakati pa ikuluikulu pa Cours, musadabwe. Mitengo ya platane ya ku Provence ikudwala matenda a chancre coloré, kafangasi kolowera pabala n'kutseka njira za madzi mu mtengo. Mankhwala kulibe, wodwala amadulidwa pamodzi ndi oyandikana nawo. Ndiye mthunzi wa pa Cours si wofanana ndi wa pa zithunzi zakale, chipewa chikhale pamutu. Ndipo malo omwera khofi otchuka aja, Les Deux Garçons, a mu 1792, anapsa kumapeto kwa 2019, choncho onani kaye mmene zilili musanawaike pa dongosolo.

Chikondi wa ku Joni:
Zakudya, mwachidule. Malo odyera enieni amapereka nkhomaliro kuyambira 12 koloko mpaka 2 koloko, kenako khitchini imatsekedwa mpaka cha m'ma 7 koloko madzulo. Mukafika 3 koloko mudya sangweji. Chotsika mtengo ndi plat du jour (chakudya cha tsikulo) kapena formule (zakudya zingapo pa mtengo umodzi) ya masana. Madzi a pampopi ndi aulere mukapempha une carafe d'eau. Mukangoti madzi, akubweretserani a m'botolo ogula. Mtengo wolembedwa waphatikiza kale ya wopereka chakudya, kusiya kanthu ndi kufuna kwanu. Mukalowa m'sitolo kapena m'basi yambani ndi bonjour. Kupanda kutero amakuonani ngati wamwano, ndipo thandizo limazizira.

Pamsika musagwiregwire zipatso, lozani, wogulitsa asankha. Kugula buledi, tchizi cha mbuzi, ma olive ndi tomato pa Richelme n'kukadyera pabenchi kukupulumutsani ndalama ya chakudya chimodzi tsiku lililonse.

Choti mutenge popita kwanu ndi ma calisson: ma almond opera, osakaniza ndi vwende ndi makoko a lalanje ophikidwa m'shuga, pansi kapepala kodyeka, pamwamba shuga woyera wolimba. Sasungunuka m'chikwama ngati chokoleti. Musawaike mufiriji, chinyezi chimawononga shuga wa pamwamba, ndipo bokosi likatsegulidwa amauma msanga. Léonard Parli, Béchard ndi Le Roy René ndi mayina akale a opanga ma calisson. Lamlungu loyamba la September amawadalitsa ku Saint-Jean-de-Malte.

Mapulagi a ku UK ndi ku Malawi a mano atatu salowa, tengani adaputa ya mano awiri obulungira. Oimbira foni kumudzi: kuyambira kumapeto kwa March mpaka kumapeto kwa October nthawi ya ku France ndi ya ku Malawi n'chimodzimodzi, miyezi inayo France imatsalira ola limodzi.

Nachisale:
Tsiku lachitatu achinyamata awiri akufuna kukwera phiri lija. N'zotheka popanda galimoto? Wina watiuzanso za Pernes-les-Fontaines, kuti kumeneko ndiye kuli akasupe enieni.

aGama:
Phiri n'lotheka, mabasi amafika cha ku Bimont ndi ku Vauvenargues, koma ndi ochepa, makamaka Lamlungu, ndiye alembe nthawi ya basi yomaliza asanayambe kukwera. Nsonga yaitali ndi Pic des Mouches, mamita 1,011, koma ambiri amapita ku Croix de Provence, mamita 946, pamwamba pa kanyumba ka amonke ka m'zaka za m'ma 1600. Kuchokera pa damu la Bimont atsate njira ya Imoucha, ya zizindikiro zabuluu, maola awiri kapena kuposerapo kukwera. Ya Venturiers yochokera mbali ya Vauvenargues ndi yotakata koma yotsetsereka kwambiri. Pamwamba palibe mpopi kapena sitolo: malita awiri a madzi munthu aliyense, atatu kukatentha. Nsapato zikhale zogwira, chifukwa miyala ya laimu yapukutika ndi mapazi a anthu, imaterera ngakhale kuli kouma. Mistral ikamawomba asafike pa mtanda.

Chofunika kwambiri: kuyambira 1 June mpaka 30 September boma la Bouches-du-Rhône, chigawo chimene muli Aix, limatseka mapiri tsiku limene ngozi ya moto yakula. Mapu a mawa amatuluka pa intaneti madzulo a lero. Likakhala lofiira palibe kulowa, ndipo pali chindapusa. Si nkhambakamwa, moto wa mu 1989 unapsereza mbali yaikulu ya kumwera kwa phirili. Fodya ndi moto wa mtundu uliwonse n'zoletsedwa. Pangozi imbani 112.

Ngati phiri latsekedwa kapena miyendo yakana, pa Bimont pomwepo pali njira yotsikira ku damu la Zola, koma nayo ili pansi pa lamulo lomwelo la moto.

Mayi Nabanda:
Za Pernes, amene wakuuzaniyo sananame, koma si ulendo wa masana amodzi opanda galimoto. Ili m'chigawo cha Vaucluse kufupi ndi Carpentras, kupitirira ola pa galimoto kuchokera ku Aix. Ndi tauni yaing'ono ya akasupe a m'misewu pafupifupi 40, ambiri a m'zaka za m'ma 1700, wotchuka ndi Cormoran wa mu 1761 pafupi ndi chipata cha Notre-Dame ndi mtsinje wa Nesque. Inali likulu la dera lakale la Comtat Venaissin mpaka 1320, ndipo mu Tour Ferrande muli zithunzi zapakhoma za m'zaka za m'ma 1200, zoonedwa ndi wokutsogolerani yekha. Musaisokoneze ndi Fontaine-de-Vaucluse, imene ndi kasupe mmodzi wachilengedwe, gwero la mtsinje wa Sorgue, ndipo m'chilimwe madzi ake amatsika kwambiri.

Pa masiku atatu ine ndingaisiye Pernes. Kubwereka galimoto kumabweretsa zake: kuyenda kudzanja lamanja, ndipo m'kati mwa Aix yakale muli zipilala zotuluka pansi zotsekera magalimoto a alendo, moti mumasiya galimoto pansi pa Rotonde kapena ku malo oimikira a kunja ngati Krypton n'kukwera basi.

Achinyamata ali kuphiri, inu ndi mayi muli ndi zosankha zapafupi. Pavillon de Vendôme, kanyumba ka m'ma 1660, kali ndi dimba laulere, mabenchi ndi dziwe lake. Chapafupi pali Thermes Sextius pamene madzi amatuluka pa madigiri oposa 30, ndipo zotsalira za malo osambira a Aroma zimaoneka kudzera pagalasi pafupi ndi khomo. Kulowa m'madzimo n'kolipira komanso kosungitsiratu malo.

Mphunzitsi Kalua:
Pali malo enanso amene mabuku a alendo amawaika kumapeto. Camp des Milles, makilomita ochepa kumwera chakumadzulo kwa tauni, inali fakitale ya matailosi imene boma la France linasandutsa ndende kuyambira 1939 mpaka 1942. Munadutsa anthu oposa 10,000, ena mwa iwo akatswiri ojambula ngati Max Ernst, ndipo mu 1942 Ayuda pafupifupi 2,000, ana omwe, anatumizidwa ku msasa wopherako anthu wa Auschwitz kudzera ku ndende ya Drancy. Inatsegulidwa ngati malo achikumbutso mu 2012. Pamafunika maola atatu, mabasi a m'tauni amafikako, ndipo m'nyumbamo mumazizira ngakhale kunja kukutentha, mayi atenge juzi.

Nachisale:
Ndiye tapanga chonchi: tifika Lachitatu pa ndege, madzulo Cours ndi Mazarin. Lachinayi m'mawa msika ndi tauni yakale, madzulo Atelier ndi Terrain des Peintres. Lachisanu phiri kwa achinyamata, ife Vendôme ndi Granet. Pali cholakwika?

Bambo Mbewe:
Chimodzi chokha. Tikiti ya ku Atelier ikhale ya mochedwa masana, chifukwa kuchoka pamsika, kudya, ndi kupumitsa mayi kukutengerani mpaka cha m'ma 3 koloko. Ndipo achinyamatawo aone mapu a moto Lachinayi madzulo. Akapeza kuti Lachisanu phiri latsekedwa, basi ya ku Marseille imanyamuka pafupipafupi kudepoti, mphindi 30 kapena 40 mpaka Saint-Charles.